Magemu a mapu aakulu kwambiri: musanagule, funsani kuti kiyi ali ndi ndani

Pa 31 March 2024, kampani ya Ubisoft inazimitsa ma seva (makompyuta a kampani amene gemu imadalira kudzera pa intaneti) a gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew. Gemuyi inatuluka mu 2014, ndipo chimene chinkakokera anthu chinali mapu ake: dziko la United States lochepetsedwa, komabe lotambalala masikweya kilomita pafupifupi 5,000, loti munthu unkanyamuka ku New York n'kumaponda moto mpaka kukatulukira ku Los Angeles popanda poduka. Tsiku limenelo misewu yonseyo inatsekeka kamodzin'kamodzi. Amene anagula disiki anatsala nayo m'manja, gemu osatseguka, chifukwa kiyi wa dzikolo anali pa makina a eni ake. Mkwiyo wa osewera pa nkhaniyi ndi umene unabala kampeni ya Stop Killing Games, yoyambitsidwa ndi Ross Scott, imene mu 2025 inasainidwa ndi anthu oposa 1 miliyoni a ku European Union.

Ndayambira pamenepa chifukwa mikangano ya mapu aakulu imakonda kuthera pa manambala, wina akuti yanga ndi yaikulu, winanso akuti yangayi ndiye. Nambala payokha siikuuzani ngati mudzasangalala, ngati laputopu yanu idzakwanitsa, kapena ngati dzikolo mudzalipezabe pakatha zaka zisanu.

Zoyezera

Choyamba, mapuwo anawapanga ndani? Ena ndi opangidwa pamanja, munthu kukhala pansi n'kuika phanga lililonse ndi kanjira kalikonse pamalo pake. Skyrim ya 2011 ndi yotero, ndipo siifika n'komwe masikweya kilomita 40. Ena amabadwa ku masamu: kompyuta imapatsidwa nambala ndi malamulo, yokha n'kutulutsa mapiri, nyanja ndi midzi. Ena ndi otengera dziko lenileni, kuchokera ku zithunzi za setilaiti. Mapu onse ophwanya mbiri ndi a mitundu iwiri yomalizayi, pakuti palibe gulu la anthu lingakongoletse pamanja dera lalikulu ngati dziko. Cholipira chake ndi kubwerezabwereza. Mudzi wachikhumi umayamba kufanana ndi woyamba.

Chachiwiri, mumayendamo pa chiyani? Makilomita 5 wapansi, chilombo chikukudikirirani kuseri kwa thanthwe, ndi ulendo wautali. Makilomita 50 pa ndege yankhondo ndi mphindi zochepa. Dziwaninso kuti manambala ambiri amene mumawaona pa intaneti amayeza ndi osewera okha, aliyense ndi muyezo wake, ndiye muziwatenga ngati ongoyerekeza.

Chachitatu ndi kiyi uja: kodi gemuyo imatseguka netiweki ikadula?

Pansi pa gemu iliyonse ndaunika mtengo, kupezeka, kusamalira ndi chiopsezo. Pa mtengo ndikuwerengera ndi bandulo yomwe, chifukwa kwa ambiri a ife gemu yotchipa ya 100 GB imadula kuposa yokwera mtengo ya 2 GB. Mitengo ndi ya madola a ku America ndipo imatsika kwambiri pa nthawi ya seli. Pafupifupi zonsezi zimafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja.

Daggerfall

The Elder Scrolls II: Daggerfall, ya Bethesda, inatuluka mu 1996 ndipo mpaka lero imatchulidwa koyambirira akamakamba za mapu oyenda pansi. Dera lake, lozungulira Iliac Bay, ndi masikweya kilomita pafupifupi 161,600. Malawi yense pamodzi ndi nyanja ndi 118,484. Muli matauni, midzi, akachisi ndi mapanga oposa 15,000, ndipo kudutsa wapansi kuchoka ngodya ina kukafika ina kumadya maola oposa 60.

Mtengo: ulere. Bethesda inaimasula mu 2009, ndipo mu 2022 inaikidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Dawunilodi yake siifika 1 GB.

Kupezeka: yoyambirirayo ndi ya nthawi ya DOS, pulogalamu yakale yoyendetsera makompyuta, ndipo imafuna pulogalamu ya DOSBox. Musavutike nayo. Tengani Daggerfall Unity, imene Gavin Clayton ndi anzake ongodzipereka anaimanganso mwatsopano n'kuimaliza kumapeto kwa 2023. Nayonso ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo laputopu yakale ya ku ofesi imaikwanitsa.

Kusamalira: palibe chovuta. Mukaika mwaika, intaneti simuifunanso.

Chiopsezo: pakati pa tauni ndi tauni pali thengo lopanda kanthu, moti pafupifupi aliyense amangosankha malo pa mapu n'kudumphira komweko. Ndiye kukula kuja mumakumva m'njira ina: masiku a ulendo amawerengedwa, ndipo ntchito zambiri zimene mumapatsidwa zili ndi tsiku lomalizira. Mukachedwa m'njira, mbiri yanu kwa amene anakutumani imaipa. Mapanga ake ndi opotana ngati mizu ya kachere, munthu n'kutha madzulo onse kufunafuna chitseko chimodzi, ngakhale kuti Daggerfall Unity ili ndi poti mutha kuwachepetsa. Nkhani yonse ndi yowerenga, m'Chingerezi cholemera. Koma woleza mtima amapezamo moyo wathunthu: kukongola ndalama ku banki, kugula nyumba kapena sitima, kukaonekera kukhoti akagwidwa akuba. Ine ndimaikonda chifukwa siikusamala za inu ngati mfumu. Ndinu mlendo mmodzi m'dziko lalikulu lokhala ndi zochita zake.

Minecraft

Apa manambala amachoka pa dziko n'kufika pa mapulaneti. Minecraft ilipo ya mitundu iwiri, Java ndi Bedrock. Pa ya Java, malire ali pa mabuloko 30 miliyoni kuchoka pakati kupita mbali iliyonse. Buloko imodzi ndi mita imodzi, kutanthauza masikweya kilomita 3.6 biliyoni, kuwirikiza pafupifupi ka 7 dziko lathu lapansi, limene ndi 510 miliyoni. Wosewera wina wodziwika pa YouTube, Kurt J. Mac, anayamba kuyenda wapansi mu March 2011 kulowera ku Far Lands, malo a mu Minecraft yakale kumene masamu ankasokonekera pa mabuloko oposa 12.5 miliyoni. Anakafika mu October 2025.

Mtengo: madola 29.99 pa kompyuta, Java ndi Bedrock pamodzi, ndipo 6.99 pa foni. Kulipira n'kamodzi. Realms, seva yosewerera ndi anzanu, ndiyo imalipiridwa mwezi ndi mwezi.

Kupezeka: palibe ina pano imene imaiposa. Ili pa foni za Android ndi iPhone, pa kompyuta, PlayStation, Xbox ndi Switch. Pa magemu onse amene ndikukamba pano, ndi yokhayo imene mwana wokhala ndi foni yokha angaigwire.

Kusamalira: dzikolo silikhalapo mpaka mutalipondamo. Gemu imalipanga m'timagawo ta mabuloko 16 m'litali ndi 16 m'lifupi pamene mukuyandikira, kenako n'kutisunga. Choncho mukamayenda kutali, fayilo ya dziko lanu imanka ikula, ndipo foni ya malo ochepa imayamba kudandaula. Chofunika kwambiri ndi kukopera fayiloyo pena. Mphwanga anamanga mudzi kwa miyezi inayi pa kompyuta ya pa desiki yopanda batire, ndi khola la nkhosa, munda wa tirigu ndi njanji yotsikira kumgodi. Magetsi anazima gemu ili mkati mosunga. Atayaka, dzikolo linakana kutseguka. Anakhala duu kuyang'ana sikirini, nsima n'kuzizira patebulo. Kuyambira pamenepo timakopera pa flash Lamlungu lililonse.

Chiopsezo: akaunti. Microsoft inagula Mojang, kampani yopanga Minecraft, mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni, ndipo kenako inalamula kuti onse a Java asamukire ku akaunti ya Microsoft. Amene sanasamuke pofika 2023 anataya gemu imene anagula. Sungani bwino imelo ndi pasiwedi yanu. Pewaninso ma APK (mafayilo oikira mapulogalamu pa foni za Android) aulere oyendayenda m'magulu a WhatsApp, amabwera ndi zina zosaitanidwa. Kwa makolo, yang'anirani Marketplace ya mu Bedrock, pamene ana amagula zinthu ndi ndalama zenizeni, komanso ma seva a anthu osawadziwa.

No Man's Sky

Hello Games, kagulu kochepa ka ku Guildford ku England, inatulutsa gemuyi mu August 2016 ndi mapulaneti 18,446,744,073,709,551,616. Mapulanetiwa sanasungidwe paliponse. Kompyuta yanu imawawerengera pomwepo kuchokera ku masamu amodzimodzi kwa aliyense, n'chifukwa chake inu ndi mnzanu mukatera pamalo amodzi mumaona phiri lomwelo.

Mtengo: madola 59.99, koma kawirikawiri imatsika ndi theka. Zonse zimene awonjezera kuyambira 2016 akhala akupereka ulere.

Kupezeka: kompyuta, Mac, PlayStation, Xbox ndi Switch. Pa kompyuta pamafunika RAM ya 8 GB ndi graphics card yeniyeni. Laputopu wamba imavutika.

Kusamalira: ma update amabwera kangapo pa chaka ndipo ena ndi a ma GB angapo. Pa Steam zimitsani zoti azidzitsitsa okha, apo ayi bandulo idzatha inu muli mtulo. Gemu imaseweredwa popanda intaneti. Netiweki imafunika pokumana ndi anthu ena ndi polembetsa mayina a zimene mwatulukira.

Chiopsezo: pamene inkatuluka, anthu anaipeza ilibe zambiri zimene analonjezedwa, makamaka kusewera pamodzi, ndipo chikomekome cha mkuyu chinaonekera poyera. Kampaniyo inakhala chete n'kugwira ntchito. Kumanga nyumba kunabwera kumapeto kwa 2016, kusewera pamodzi kwenikweni mu 2018, ndipo lero ndi gemu ina. Vuto lotsala ndi la masamu lija: mukaona mapulaneti 30 mumayamba kuzindikira zidutswa, mutu wa nyama iyi pa thupi la ija. Ma update akuluakulu nthawi zina amasinthanso maonekedwe a pulaneti imene munamangapo.

Elite Dangerous

Iyi ndi ya Frontier Developments ya ku Cambridge, ya David Braben, ndipo inatuluka mu December 2014. Mapu ake ndi Mlalang'amba wathu pa kukula kwake kwenikweni, magulu a nyenyezi 400 biliyoni. Nyenyezi zodziwika kwa akatswiri a zakuthambo zili m'malo mwake, zotsalazo anadzazamo ndi masamu. Patatha zaka zoposa 10, osewera onse pamodzi sanafike n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo 1,000.

Palibe gemu imene imakumvetsani mtunda ngati iyi. Ku Alpha Centauri kuli siteshoni yotchedwa Hutton Orbital, ndipo kuti mukafikeko mumawulutsa chombo molunjika kwa ola limodzi ndi theka la nthawi yeniyeni, kutsogolo kuli mdima wokhawokha. Beagle Point, kutsidya kwa Mlalang'amba, ili pa mtunda woti kuwala kumayenda zaka zoposa 65,000. Mu 2019 anthu zikwizikwi anapitira limodzi kumeneko pa ulendo wa Distant Worlds II umene unatenga miyezi. Mukakhala woyamba kuyeza nyenyezi n'kukagulitsa zimene mwapezazo, dzina lanu limalembedwa pamenepo kuti onse aliwone.

Mtengo: ndi yotsika kuposa No Man's Sky ndipo pa seli imagwa kwambiri. Pa zowonjezera zake, Horizons, yoterera pa mapulaneti, inaphatikizidwa ulere mu 2020. Odyssey, yoyenda wapansi, ndi yogula padera. Palibe cholipira pamwezi.

Kupezeka: gulani ya pa kompyuta basi. Mu March 2022 Frontier inasiya kupanga zatsopano za PlayStation ndi Xbox. Mabatani ndi ambiri zedi, ndipo masiku oyamba ngakhale kuimika chombo pa siteshoni kumatulutsa thukuta.

Kusamalira: intaneti nthawi zonse, ngakhale mukusewera nokha. Siidya data yambiri pa ola, koma imafuna netiweki yosadukaduka. Lachinayi lililonse ma seva amatsekedwa kwa kanthawi.

Chiopsezo: kiyi ali kwa eni ake, ngati The Crew. Analonjeza njira yosewera popanda intaneti pamene ankapempha ndalama pa Kickstarter, webusaiti imene anthu amasonkherapo ndalama, koma anaichotsa kutatsala mwezi kuti gemu ituluke. M'kati mwa gemu, chombo chikaphulika musanagulitse zimene munayeza, ntchito ya masabata imapita. Mafuta akakutherani kutali pali gulu la osewera ongodzipereka, Fuel Rats, amene amabwera kudzakuthirirani ulere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene alibe kudekhako adzaiona ngati ntchito.

Microsoft Flight Simulator

Mapu ake ndi dziko lapansi lonse, pa kukula kwake. Asobo Studio ya ku Bordeaux inagwiritsa ntchito zithunzi za Bing Maps, zoposa ma GB 2 miliyoni. Gemuyi ilipo ya 2020 ndi ya 2024, ndipo ya 2020 ili ndi mabwalo a ndege pafupifupi 37,000. Nyengo yake ikhoza kutsatira imene ili kunja pa ola lomwelo. Ndi yokhayo pano imene mungadzutse ndege pa Chileka, n'kuzungulira Mulanje, n'kutsata nyanja mpaka ku Karonga.

Mtengo: ya 2020 inayambira pa madola 59.99, ya 2024 pa 69.99, ndipo za ndege zambiri zimadula kuposa apo. Mtengo weniweni ndi data. Ya 2020 imafuna malo okwana 150 GB.

Kupezeka: kompyuta yamphamvu kapena Xbox Series X ndi S, ndipo ya 2024 ilinso pa PlayStation 5. Controller imakwana poyambira.

Kusamalira: palibe hard disk ya pakhomo ingasunge dziko lonse, ndiye malo amene mukuwulukira amatsitsidwa pomwepo. Ya 2024, imene inatuluka pa 19 November chaka chimenecho, inachepetsa zoika pa kompyuta n'kuchulukitsa zodalira intaneti, ndipo Microsoft imalimbikitsa liwiro la 50 Mbps. Ya 2020 ili ndi poikira malire a data, ndipo imawuluka ngakhale popanda intaneti, koma pansi pamaoneka mbee, posazindikirika.

Chiopsezo: tsiku loyamba la ya 2024 ma seva analemedwa, anthu ambiri anakhala maola akudikira pa sikirini yotsegulira. Kukongola kwake sikofanana paliponse. Mizinda ngati New York ndi London inajambulidwa nyumba ndi nyumba, pamene madera ambiri a mu Africa kompyuta imangoyerekeza nyumba kuchokera pa denga looneka pa chithunzi. Mapiri, mitsinje ndi misewu ikuluikulu mudzaizindikira, nyumba ya kwanu mwina ayi. Zolakwika zimalowanso: mu 2020 ku Melbourne kunamera nsanja ya nsanjika 212 pakati pa nyumba wamba, chifukwa wina analemba nambala molakwika pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti olembedwa ndi anthu ongodzipereka amene gemuyi inatengako zina. Ndipo ili ndi dziko loyang'ana kuchokera m'mwamba. Mukafuna nkhondo kapena nthano, muno mulibe.

Just Cause ndi Euro Truck Simulator 2

Ziwirizi ndi zazing'ono poyerekeza ndi zapamwambazi, koma mapu ake anadutsa m'manja mwa anthu. Just Cause 2 ya 2010, 3 ya 2015 ndi 4 ya 2018, zonse za Avalanche Studios, iliyonse ili ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,000 a zilumba, mapiri ndi misasa ya asilikali yoti muphulitse. Euro Truck Simulator 2, ya SCS Software ya ku Prague, inatuluka mu 2012 ndipo imakupatsani thiraki ndi misewu ya ku Ulaya yochepetsedwa ka 19.

Mtengo: zonse zimatsika kufika pa madola ochepa pa seli. Msampha wa Euro Truck ndi woti mayiko ambiri, monga a ku Scandinavia, Italy ndi Iberia, amagulitsidwa padera, ndipo mukawaphatikiza amaposa gemuyo kangapo.

Kupezeka: Just Cause 2 ndi Euro Truck zimayenda pa makompyuta apakatikati. Just Cause 3 imafuna malo oposa 50 GB ndipo pa PlayStation 4 ndi Xbox One inkadziwika ndi kudodoma zinthu zikamaphulika.

Kusamalira: zimaseweredwa popanda intaneti. Pa Euro Truck, update ikabwera ma mod a mapu, zowonjezera zopangidwa ndi osewera, amasiya kugwira mpaka eni ake awakonze.

Chiopsezo: mu Just Cause msasa wa 40 umafanana ndi wachisanu. Mu Euro Truck liwiro ndi la thiraki yonyamula katundu, ndipo ndi zomwezo zimene okonda gemuyi amazifuna.

Ndiye mutenge iti?

Ngati muli ndi foni yokha, kapena mukugulira mwana, tengani Minecraft, ndipo tsiku lomwelo mumuphunzitse kukopera dziko lake. Ngati muli ndi laputopu yakale, khadi lolipirira kunja mulibe ndipo bandulo ndi yowerengera, Daggerfall Unity siikufunani kalikonse kupatula Chingerezi ndi kuleza mtima. Pa laputopu yomweyo, wofuna kupumitsa mutu akaweruka kuntchito adikire seli ya Euro Truck, ayambe ndi mapu oyambirira, dziko lowonjezera azigula limodzilimodzi.

Wokhala ndi PlayStation kapena kompyuta yabwino koma netiweki yosadalirika, No Man's Sky ndiyo yaikulu kwambiri imene imatseguka ngakhale netiweki itadula. Pezani malo a Wi-Fi tsiku loitsitsa ndi pa ma update aakulu. Wofuna phokoso ndi kuphulitsa Loweruka masana, Just Cause 2 pa makina ofooka, 3 pa amphamvu.

Elite Dangerous ndi ya munthu wa intaneti yokhazikika, wokonda zakuthambo, amene wavomereza mumtima kuti tsiku lina ma seva akhoza kuzima. Flight Simulator ndingailimbikitse kwa okhawo amene intaneti yawo ilibe malire a data, monga abale ambiri amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain pa fibre, ndiponso kwa wachinyamata amene akulota zodzakhala woyendetsa ndege. Pa bandulo ya pa foni musaiyese n'komwe.

Ndipo ngati powerenga zonsezi mwazindikira kuti chimene mukufuna ndi dziko loti kuseri kwa phiri lililonse kuli nkhani yake, siyani onsewa mutenge Skyrim kapena The Witcher 3. Mapu ake ndi kadontho pafupi ndi Daggerfall, amatseguka popanda netiweki, ndipo amakwana kukusungani chaka chathunthu.